Sipoko ya njinga m'manja mwa wosoka nsapato

Pamsika uliwonse, kaya ku Limbe, ku Zomba kapena pa Jenda, wosoka nsapato sasowa. Amakhala pakhonde la sitolo kapena patsinde pa mtengo, nsapato zodikira zitaunjikana pambali pake. Ambirife tikafika timangonenerera mtengo n'kumapita. Sabata ino ndikufuna tisuzumire m'kabokosi kake ka zipangizo, chifukwa zambiri zimene zili mmenemo anapanga yekha, ndipo luso limeneli sitilitchula n'komwe tikamakamba zotukula ntchito zamanja.

Tiyambe ndi singano yake ija ya kangowe kunsonga. Imachokera ku sipoko ya njinga kapena kawaya ka ambulera yakutha. Amadula kachidutswa kotalika ngati chala, n'kumenya nsonga ndi hamala kuti iphwatalale, kenako n'kuinola pamwala. Povuta m'pakangowe. Amakasema ndi tupa kapena ndi kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, ndipo mmisiri amadziwikira pamenepa. Kakalowa kwambiri, singano imathyoka ikangokumana ndi soli yolimba. Kakakhala kosaya, ulusi umapulumuka pokoka. Kakatsala kokhakhala m'mphepete, kamadula ulusi n'kung'amba chikopa potuluka. Chigwiriro chake ndi kamtengo kouma kosemedwa molingana ndi chikhatho cha mwiniwake, kokulungidwa ndi mphira wa chubu kuti kasang'aluke. Ndi kachitsulo kameneka amakolanitsa ulusi wapamwamba ndi wapansi mkati mwa chikopa, msoko womwewo umene makina osokera amasoka.

Mpeni nawo sagula kusitolo. Amatenga sowo yodulira zitsulo imene amakanika aitaya, n'kuchotsa mano, n'kuinola mbali imodzi yokha kuti izisenga chikopa m'mphepete, chipyapyale pamalo popinda. Akamanola pamakina amaiviika m'madzi pafupipafupi, pakuti amadziwa kuti chitsulo chikatentha mpaka kubiriwira chafewa, sichisunganso kuthwa. Amadziwanso kuti msomali ndi chitsulo chofewa, sungakhale mpeni ngakhale uunole tsiku lonse. Koma mutu wa msomali waukulu ukausema ndi tupa umadinda maluwa okongola pachikopa chonyowetsa, ndipo malamba ndi zikwama zambiri za m'misika ya ziboliboli zimakongoletsedwa motero. Akafuna chitsulo cholimba zedi amafunafuna sipuling'i ya galimoto yakufa, yomwe osula amapangira nkhwangwa. Amaiwotcha pamakala mpaka ifiire, n'kuinyika mu oyilo, kenako n'kuitenthetsanso pang'onopang'ono mpaka ioneke mtundu wa udzu wouma, kuti isamabenthuke. Amenewa ndi maphunziro a zitsulo ndithu, ndipo munthuyu anawaphunzira pokhala pambali pa mkulu wina zaka zingapo.

Zina n'zing'onozing'ono. Kapaipi konoledwa kukamwa kamaboola mabowo a lamba. Foloko yakukhitchini, akaikanikiza pachikopa, imasiya timadontho totalikirana mofanana, msoko n'kuyenda mowongoka. Galasi losweka limapala m'mphepete, phula la njuchi limalimbitsa ulusi kuti usamanyowe, lamba wakale amatsirizira kunola mpeni. Pokhoma choboolera amagwiritsa ntchito chibonga cha mtengo, chifukwa hamala imaphwanya mutu wa chitsulo chinzake.

Alipo amene amaona zonsezi ngati chizindikiro cha umphawi. Ine ndimakana. Ntchito ya zikopa inayamba ndi zipangizo zopanga wekha, ndipo sinazisiyepo. M'chaka cha 2021 ofukula zakale analengeza za mafupa osemedwa oposa 60 amene anapezeka m'phanga la Contrebandiers ku Morocco, ena mwa iwo opalira zikopa, a zaka zapakati pa 90,000 ndi 120,000 zapitazo. Mu 2013 ena analengeza za nthiti zosalazira zikopa zimene zinafukulidwa kumwera chakumadzulo kwa France, za zaka pafupifupi 50,000. Chochititsa chidwi n'chakuti amisiri opanga zikwama zamtengo wapatali ku Ulaya mpaka lero amasalaza chikopa ndi fupa losemedwa chimodzimodzi, popeza fupa limapindika pang'ono ndipo silikanda. Kwathu kuno mvukuto wa wosula unali chikopa cha mbuzi, zishango za Angoni zimene timaziona pa ingoma n'za chikopa cha ng'ombe, ndipo wokunga ng'oma amasema yekha zikhomo zake mpaka pano. Palibe mmodzi wa iwo amene anadikira sitolo.

Sindikunena kuti chopanga wekha chilibe vuto. Singano yosakhazikika bwino m'chigwiriro imaterereka n'kulowa m'chikhatho, ndipo nthawi zambiri ana amasewera pafupi ndi pogwirira ntchito. Louis Braille, amene anayambitsa zilembo za anthu osaona, anavulala diso ali ndi zaka zitatu posewera ndi chitsulo chosongoka m'nyumba imene bambo ake ankasokeramo zishalo ndi zingwe zachikopa za akavalo ku Coupvray, m'dziko la France. Kabokosi kazikhala kotseka. Komanso makina osokera zikopa sungawasule pamakala. Wofuna kusoka nsapato za sukulu yonse afunika makina, ndipo m'pomveka kuti athandizidwe kuwapeza.

Chimene chimandiwawa ndi kaphunzitsidwe. Achinyamata akamaliza maphunziro a ntchito zamanja, kawirikawiri amapatsidwa bokosi la zipangizo zochokera kunja kuti ayambirepo. N'zabwino. Koma choboolera chikabenthuka kapena mpeni ukatayika, ntchito imaima, popeza chinacho sichipezeka pa boma ndipo ku tauni n'chodula. Mnyamata amene anaphunzira pakhonde sangaime choncho. Amapita kwa wokonza njinga kukapempha sipoko, madzulo ali pantchito. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lingachite bwino kuonetsetsa kuti wophunzira aliyense wa zikopa asanakhudze nsapato wayamba wapanga singano yake, mpeni wake ndi choboolera chake. Aphunzitsi ake alipo kale m'misika. Aitanidwe m'makoleji, alipidwe ngati aphunzitsi, ndipo azitchulidwa ndi ulemu wa aphunzitsi.

Mukacheza nawo amisiriwa mudzaona kuti sadandaula kwambiri za zipangizo. Chosowa chachikulu ndi chikopa chofufuta bwino. Ambiri amadula zikwama ndi majekete a pakaunjika kuti apeze kachigamba, chikhalirecho dziko lino lili ndi mbuzi zochuluka ndipo pamsika uliwonse pamaphedwa zingapo tsiku lililonse. Zikopa zambiri zimatuluka m'dziko zosafufuta, zina zimangowolera kuseri kwa bucha. Ndipo nkhani ya zipangizo imabweranso pomwepa, pakuti chikopa chimawonongeka pachiyambi penipeni, posenda. Mpeni wosongoka umasiya mabala ndi mabowo amene wofufuta sangawatseke. Wofunika ndi mpeni wobulungira kunsonga, umene wosula aliyense pamudzi angaupange kuchokera ku chikwanje chakutha, ndipo pa mbuzi mbali yaikulu ya chikopa imachoka pongokankha ndi chibakera. Chikachoka chipalidwe mafuta ndi nyama zotsalira, chipakidwe mchere wambiri tsiku lomwelo, chiume pamthunzi podutsa mphepo. Chikayanikidwa padzuwa lamphamvu chimauma pamwamba pokha mkati mukuwola, ndipo chikadzanyikidwa m'madzi pofufuta chimangosupuka.