Matimu a ku Kigali anali ndi owadyetsa

Pa 30 May 2021, m'bwalo la Kigali Arena ku Rwanda, timu ya Zamalek ya ku Egypt inagonjetsa US Monastir ya ku Tunisia 76-63 n'kukhala yoyamba kunyamula chikho cha Basketball Africa League (BAL). Mpikisanowu, womwe anaukhazikitsa a NBA mogwirizana ndi FIBA, unayenera kuyamba mu March 2020, koma mliri wa Covid-19 unauchedwetsa kupitirira chaka. Pamapeto pake matimu onse 12 anawatsekera mumzinda umodzi kwa masabata awiri.

Ambiri akakumbuka chaka chimenecho, dzina lomwe limawafikira msanga ndi la J. Cole, woimba wa ku America yemwe anavala yunifolomu ya Patriots ya ku Rwanda. Anasewera magemu atatu, napeza mapointi asanu, kenako n'kubwerera kwawo. Terrell Stoglin wa AS Salé ya ku Morocco, yemwe anamwetsa mapointi 40 pagemu imodzi, sanabise kuwawidwa mtima: anadandaula kuti woimbayo walanda malo a wosewera amene mpira ndiwo ntchito yake. Makamera anathamangira komweko, ndipo phokoso linali lalikulu.

Koma nkhani yeniyeni ya chaka chimenecho inali m'mayina a matimuwo. AS Douanes ya ku Senegal ndi ya anthu a kasitomu. AS Police ya ku Mali ndi ya apolisi. FAP ya ku Cameroon ndi ya asilikali ndi apolisi, GNBC ya ku Madagascar ndi ya achitetezo cha boma. Petro de Luanda imadalira Sonangol, kampani ya mafuta ya dziko la Angola, ndipo GS Pétroliers ya ku Algeria inali m'manja mwa Sonatrach. Ferroviário de Maputo, ya anansi athu, ndi timu ya anthu a njanji. Matimu osachepera asanu ndi awiri mwa 12 anali ndi bungwe kapena kampani ya boma kumbuyo kwawo, yowadyetsa chaka chonse.

Zamalek ilibe chitsime cha mafuta, koma ili ndi chuma china. Kalabuyi inayamba mu 1911, ili ndi mamembala ake, malo akeake ochitira masewero ndi khwimbi la ochemerera. Walter Hodge, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, anali mlendo ndithu, koma malamulo a mpikisano sankalola kudzaza timu ndi alendo: osewera ambiri anayenera kukhala eni dziko. Anas Mahmoud, chiphona chomwe chinatchinga ukonde wa Zamalek n'kulandira mphoto ya wotchinga bwino, ndi mwana wa ku Egypt komweko. Timuyi inabwerera ku Cairo osagonjapo gemu ngakhale imodzi.

Wina anganene kuti ndalama za bungwe si mankhwala opambanira, ndipo sakunama. AS Police ndi GNBC zinatuluka m'ndime ya magulu osalawa chipambano. Kudalira kampani ya boma kulinso ndi vuto lake: bwana akasintha, kapena bajeti ikaphwa, timu imayamba kuwonda. Komabe malipiro a mwezi ndi mwezi ndi omwe amachititsa kuti mnyamata wa zaka 24 akhalebe m'bwalo m'malo mokasaka ganyu, ndiponso kuti osewera akhale limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwana mayendedwe. Petro de Luanda ndi umboni. Inamaliza pa nambala yachitatu mu 2021, inagonja mufainolo ya 2022, ndipo mu 2024 inatenga chikhocho. Timu yosonkhanitsidwa ulendo utatsala mwezi umodzi singapirire chotero.

Ku Malawi njira imeneyi si yachilendo. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Moyale Barracks ndi Kamuzu Barracks ndi za asilikali. Ku netball, Blue Eagles Sisters yakhala ikupereka osewera ku Queens. Basketball ndi yomwe imaoneka ngati mwana wopeza pagulupo. Bravehearts ya ku Lilongwe, yomwe yakhala ikunyamula mbendera ya dziko lino m'ndime zachipulula za Road to BAL, inakula ndi khama la anthu ochepa, pamene ena mwa matimu omwe imalimbirana nawo malo ali ndi njanji kapena chitsime cha mafuta kumbuyo.

Kampani zomwe zimakonda kujambulitsa ndi cheke chachikulu timu ikamanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu zingachite bwino kuyang'ananso zomwe zinachitikira Ferroviário ku Kigali. Timu ya njanjiyo inafika m'ndime ya makotafainolo, n'kugonja kwa eni bwalo a Patriots 73-71, Paul Kagame ndi Emmanuel Macron akuonerera. Inaperewera basiketi imodzi yokha. Osewera amenewo sanapangidwe ndi thandizo la ulendo umodzi, koma ndi ligi ya ku Mozambique komanso kalabu yomwe yakhala ikusamala masewero kuchokera m'nthawi ya atsamunda achipwitikizi. Kuchoka ku Lilongwe kukafika pa malire a dziko lawolo ku Dedza ndi ulendo wosakwana maola awiri pa galimoto.