Madzi a Likhubula asamangotidutsa

Kuyambira 2019, madzi a mumtsinje wa Likhubula, paphiri la Mulanje, amatsika m'mipope mpaka ku Nguludi, kuno ku Chiradzulu. Kumeneko amawasefa n'kuwathira mankhwala, kenako n'kuwatumiza ku Blantyre. Ntchitoyi inagwiridwa ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya ku India, ndipo malo osefera madziwo akhoza kuyeretsa malita 20 miliyoni pa tsiku.

Sindikutsutsa kuti Blantyre imafunika madziwa. Anthu akuchulukirachulukira ku Bangwe ndi ku Limbe, ndipo kukoka madzi a mu Shire kuchokera ku Walker's Ferry, chokwezeka mtunda wonsewo, kumadya magetsi ankhaninkhani. Madzi otsika okha paphiri ndi nzeru yabwino.

Koma kodi ife a ku Mikolongwe ndife njira chabe? Nguludi si patali. Komatu m'midzi yathu muli amayi amene amalawirira kumjigo tambala woyamba, ndowa zili pamzere. Mjigo ukathyoka, amatsikira kudambo komwe ng'ombe zimamwera. Mwana akatsegula m'mimba, timati mayi ake ndi auve. Ayi ndithu! Mayiyo sanasankhe madzi amatope. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, zitsime zambiri zinadzaza zinyalala. Tinaona ndi maso athu zimene madzi oipa amachita.

Anthu a ku Mulanje sanakhale chete ntchito yokoka madzi a Likhubula isanayambe. Anakana kuti madzi achoke mitengo isanabzalidwe paphiri. Ena anawatcha osokoneza, koma ine ndimawapatsa ulemu, chifukwa anakumbutsa akuluakulu kuti kumene madzi achokera kuli anthu. Kumene adutsa kulinso anthu.

Bungwe la Blantyre Water Board, khonsolo ya Chiradzulu ndi aphungu athu akhale pansi, atiuze poyera kuti ndi midzi ingati ya m'mbali mwa msewu wa Midima imene ikumwa madzi a ku Nguludi lero. Kumene sanafike, pakokedwe paipi ya madzi osefa kale, pamangidwe makiyosiki pamisika, pasukulu ndi pazipatala zazing'ono, pamtengo woti mayi wogulitsa tomato angakwanitse. Tilipira. Ndipo pulani iliyonse yokuza malo a ku Nguludi ikadzabwera, mafumu athu asavomere kanthu mpaka mayina a midzi yawo atalembedwamo.