Chenjezo kwa a ku Malemia: kompyuta ikakana kuyaka, musalole kuti aifomate

Anzanga a ku Malemia, aphunzitsi, ophunzira, alembi a m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi inu nonse amene muli ndi kompyuta kunyumba kapena ku ofesi, tcherani khutu. Pali mawu amodzi amene akutipweteka m'chigwa chino cha Domasi, ndipo timawavomera tikumwetulira. Mawuwo ndi akuti "tiifomate."

Zimayamba chonchi. Mwadzuka m'mawa, mwadina batani la laputopu. Kanyali kayaka, fani ikulira, koma Windows osabwera. Sikirini ili bii, pakona pali timawu tachingerezi: "No bootable device" kapena "Operating system not found". Ikakhala HP imalemba "Boot Device Not Found", m'munsi mwake nambala 3F0.

Mtima wagunda. Mwaikulunga m'chitenje, mwakwera kabaza mpaka pa Songani, mwina minibasi mpaka m'tauni ya Zomba. Wokonza waiyang'ana mphindi ziwiri. "Iyi yakrasha, bwana. Tingoifomata, tiike Windows yatsopano." Mwavomera, mwalipira, mwathokozanso. Madzulo ikuyaka bwinobwino.

Mwafika kunyumba, mwatsegula. Mulibe kanthu. Masikimu a chaka chonse, malikisi a ana, zithunzi za ukwati, ndondomeko ya ndalama za banki mkhonde, zonse psiti.

Ndinaziona ndi maso anga kwa mphwanga wina amene ankaphunzira zauphunzitsi. Patatsala masabata awiri kuti apereke pulojekiti yake, laputopu inakana. Anaipereka kwa wokonza amene sindimutchula. Patapita nthawi tinazindikira kuti chimene chinavuta chinali kabatire kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Pulojekiti anailembanso kuchokera pachiyambi, usiku, maso ali psuu.

Mvetsetsani ichi. Uthenga wa pa sikirini uja sukunena kuti mafayilo anu afa. Ukungonena kuti kompyuta yasowa poyambira. Chitseko cha nkhokwe chakana kutseguka, koma chimanga chili momwemo. Kufomata ndiye kukhuthula nkhokwe yonse n'kuisesa, kenako n'kukuuzani kuti taonani, chitseko chayamba kutseguka.

Ndiye musanapite kulikonse, khalani pansi, muchite izi.

Zulani chilichonse chimene mwalumikiza: fulashi, memori khadi, foni, pulinta. Zimitsani, yatsaninso. Musaseke. Makompyuta ambiri amakana kuyaka chifukwa cha fulashi ya nyimbo imene mwana anaiwala m'mbali. Kompyuta imayamba kufunafuna Windows m'fulashimo, n'kusowa, n'kudandaula.

Ikakanabe, lowani mu BIOS. Musaope dzinali. Ndi kachipinda kamene kompyuta imasungira malangizo a mmene iyambire. Mukangodina batani loyatsira, dinani mobwerezabwereza F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP, F1 ngati ndi Lenovo ThinkPad. Mukalowa, yang'anani zinthu ziwiri.

Choyamba, deti. Kodi likusonyeza lero, kapena labwerera zaka zambiri m'mbuyo? Ngati labwerera, kabatire ka m'kati katha. Kambiri kamakhala ka CR2032, ka mavoti 3, kofanana ndi ka m'masikelo ena ndi marimoti a galimoto. Kakatha, kompyuta imaiwala malangizo ake, ndipo ikhoza kuyamba kufunafuna Windows kolakwika kapena m'njira yolakwika. Malaputopu ambiri amene tili nawo kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Joni kapena kutsidya la nyanja. Anafika kuno ali okalamba kale. Kabatire kawo n'kamene kamayamba kufooka, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wofomatitsa.

Chachiwiri, onani ngati hadi disiki ikuoneka pa mndandanda. Dzina lake likhoza kukhala Seagate, Toshiba, Samsung, kapena zilembo zoyamba ndi WDC. Ikaoneka, pumani. Kompyuta ikuiona. Onetsetsani kuti disikiyo, kapena mawu akuti "Windows Boot Manager", ali pamwamba pa mndandanda wa zoyambira. Ndipo musanasinthe kalikonse, jambulani sikirini ndi foni yanu, kuti mukasokoneza mubwezere mmene zinalili. Makamaka pamene palembedwa UEFI ndi Legacy musamangosinthasintha mwachisawawa. Windows imene inaikidwa m'njira imodzi siyaka m'njira inayo.

Disiki ikapanda kuoneka, mwina yangosuntha pamalo pake. Ganizirani mmene laputopu imagwedezekera m'chikwama pa kabaza, m'misewu yathu yafumbi yotsika kuchokera kuphiri. Munthu wodziwa akhoza kutsegula laputopuyo, kuzula disikiyo ndi kuibwezera, basi vuto latha.

Tsopano ikani khutu pa kompyutayo. Apa ndiye poopsa.

Mukamva kaphokoso kakuti tiki, tiki, tiki, kapena ngati chinachake chikukwecha m'kati, zimitsani nthawi yomweyo. Musayatsenso kuti "ndione ngati yasintha." M'kati mwa hadi disiki yakale muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Kasinganoko kakayamba kukhudza, ulendo uliwonse umene mwayatsa kakupala mbale, ndipo chimene chikupalidwacho ndi mafayilo anu.

Musaimenye. Musaigwedeze. Musaiike mufiriji, kaya anakuuzani ndani. Chinyezi chimamaliza chimene chinatsala. Musatsegule chitsulo cha disikiyo kuti muone m'kati. Kafumbi kamodzi kokha n'kokwanira kuiwononga.

Makompyuta ambiri atsopano ali ndi disiki yotchedwa SSD, imene ilibe timbale ndipo silira. Imeneyi ikamafa kawirikawiri sichenjeza. Lero ili bwino, mawa zii.

Mukafika kwa wokonza, lankhulani inu poyamba. Muuzeni kuti: "Musanachite chilichonse, munditulutsire mafayilo anga." Zimatheka, ndipo si zamatsenga. Akhoza kuchotsa disiki, kuiika m'kabokosi ka USB, n'kuilumikiza ku kompyuta ina ngati fulashi yaikulu. Akhozanso kuyatsa kompyuta yanu ndi fulashi ya Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, osakhudza Windows, n'kukopera zonse. Pambuyo pake ayese kukonza poyambira ndi Startup Repair ya Windows yomweyo. Kufomata kubwere kumapeto, mafayilo anu ali kale m'thumba mwanu ndipo mwawatsegula, mwawaona.

Akakuuzani kuti "sizingatheke" asanayese n'komwe, nyamulani katundu wanu muzipita. Sindikunena kuti okonza onse ndi achinyengo, ayi. Alipo anyamata ndi atsikana aluso kwambiri kuno ku Zomba. Koma kufomata n'kwachangu, kupulumutsa mafayilo kumadya tsiku, ndipo amene ali ndi mzere wa makasitomala amasankha chachangu. Funsani mafunso, ngakhale akuoneni ngati wovuta. Paja safunsa anadya phula.

Musaisiye kompyuta n'kupita kukagula matemba. Khalani pompo. Jambulani chikwangwani cha pa disiki yanu, pamene pali nambala yake ndi kukula kwake, wokonzayo akuona. Zimachitika kuti munthu wapereka kompyuta ya disiki yaikulu, n'kulandira ya yaing'ono yotopa. Akati disiki yafa ndipo aika ina, itanitsani yakufayo. Ndi yanu. Muli zithunzi zanu, makalata anu, mwina ziphaso zanu. Disiki imene yalephera kuyatsa Windows kawirikawiri imawerengekabe, ndipo simukudziwa kumene zinsinsi zanu zikathere.

Inu amene muli ndi malaputopu atsopano a Windows 11, pali msampha wina. Ambiri amabwera disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker, mwini wake osadziwa. Tsiku la vuto idzakufunsani kiyi wa manambala 48. Popanda kiyiyo palibe mmisiri, wa ku Zomba kapena wa ku Blantyre, amene angatsegule. Kawirikawiri kiyiyo amasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Lowanimo lero, mukopere manambalawo papepala, mulisunge pamodzi ndi satifiketi yanu ya MSCE.

Wina adzakuuzaninso kuti kompyuta yakana chifukwa Windows 10 inatha. Bodza. Zoona n'zakuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, koma kusiya kuthandiza sikuzimitsa kompyuta. Imayakabe.

Nanga ngati afomata kale? Lekani kuigwiritsa ntchito pompano. Musaikemo mafilimu, musaikemo mapulogalamu. Pa disiki ya timbale, mafayilo ena amakhala akadalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo mapulogalamu ngati PhotoRec kapena Recuva amatha kuvuulako ena. Osati onse. Pa SSD mwayi ndi wochepa kwambiri.

Chimene chikupha madisiki kuno tonse tikuchidziwa: magetsi. Mukukumbukira January 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130? Tinakhala mumdima maola ambirimbiri tsiku lililonse, miyezi yambiri. Kompyuta ya pa tebulo ikazima mwadzidzidzi ikulemba, poyambira Windows pamatha kuwonongeka. Laputopu ya batire yakufa, imene imangodalira chaja, n'chimodzimodzi. Magetsi akathima, zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Mitambo ikada pa phiri la Zomba, ziphaliwali zikayamba, zulaninso. Ofesi kapena sukulu imene ili ndi kompyuta ya pa tebulo igule UPS, batire yothandiza kompyuta magetsi akathima; ndi yotchipa kuyerekeza ndi kutaya kaundula wa ana onse.

Ndikudandaulirani makamaka inu a ku Domasi College of Education, inu amene mumagwira ntchito ndi mabuku ku Malawi Institute of Education, ndi aphunzitsi a m'masekondale ndi m'mapulayimale ozungulira kuno. Ntchito yanu ya miyezi ili m'kabokosi kamodzi kamene mumayenda nako pamsana. Ophunzira, musamadikire sabata yopereka ntchito. Mukamaliza kulemba tsiku lililonse, dzitumizireni fayiloyo pa imelo, kapena ikani pa Google Drive, imene imapereka malo a magigabaiti 15 kwaulere. Bandulo ikavuta, fulashi ilipo. Koma fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba ndi mvula amatenga zonse pamodzi.

Uzani anzanu mu sitafu rumu. Uzani mlembi wa mpingo, msungichuma wa gulu, mwana wanu amene ali ku yunivesite ku Chirunga. Ndipo inu amene kompyuta yanu ikuyaka bwino lero, musagone usiku uno musanakopere mafayilo anu pamalo achiwiri.