Napoli ndi Naples: doko limodzi, mayina awiri

Mnyamata wokonda mpira safunika kuuzidwa za Napoli. Amadziwa kuti Diego Maradona anasewerako, ndipo mu 2023 anaonera Victor Osimhen wa ku Nigeria akugoletsa zigoli mpaka timuyo kutenga chikho cha ligi ya ku Italy patadutsa zaka 33. Koma mnyamata yemweyo akatsegula buku la Chingelezi n'kupeza liwu lakuti Naples pafupi ndi phiri la Vesuvius, amayesa ndi mzinda wina. Chala chimayendayenda pamapu, kutsika ndi gombe, osadziwa kuti doko akulifunalo ndi lomwe lija amalifuulira akamaonera mpira pakanema.

Wolakwa si mwanayo ayi. Chingelezi chili ndi mayina akeake a madoko ambiri, ena ochokera m'kamwa mwa amalonda ndi amalinyero, ena obwereka ku Chifalansa. Dzina la Napoli linachokera ku Chigiriki, Neapolis, kutanthauza mzinda watsopano. Angelezi anatola Naples kwa Afalansa. Momwemonso Lisboa anasanduka Lisbon, Genova n'kukhala Genoa.

Ya Genoa ili ndi kakenso. Timu ya mpira ya mumzindawo inayambitsidwa ndi Angelezi mu 1893, ndipo mpaka lero imatchedwa Genoa ngakhale ndi eni nthaka omwe. Boma la Mussolini linaikakamiza kusintha kukhala Genova, koma nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha dzina lachingelezi lija linabwerera. Choncho munthu wa kumeneko amakhala ku Genova koma amachemerera Genoa.

Komabe palibe doko lozunguza mutu wa wophunzira kuposa Livorno, kugombe la Tuscany. Kwa zaka mazana angapo Angelezi ankalitchula Leghorn. Wophunzira wakhama akaona liwu limeneli amalidula pakati monga anaphunzitsidwira: mbali yoyamba akupeza mwendo, yachiwiri nyanga. Amadabwa, mzinda wanji wa mwendo ndi nyanga? Chikhalirecho mulibe mwendo mulibe nyanga. Ndi katchulidwe kakale ka ku Italy, Legorno, komwe lilime la Angelezi linakapinda kuti kamveke ngati mawu akwawo. Iwo anali ambiri padokolo chifukwa Ferdinando I wa banja la Medici, ndi malamulo ake a mu 1591 ndi 1593, anatsegulira khomo amalonda a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana. Manda akale a Angelezi alipo mumzindawo, ndipo mlembi Tobias Smollett, yemwe anamwalira mu 1771, anaikidwa momwemo.

Lero nyuzi za Chingelezi zimalemba Livorno. Dzina la Leghorn linathawira m'khola: ndi mtundu wa nkhuku, zodziwika kwambiri zikakhala zoyera, zoikira mazira ochuluka, zomwe makolo ake anakwezedwa sitima padoko limeneli kupita ku America. Mlimi wa nkhuku angalitchule dzinali osadziwa kuti akutchula mzinda.

Izitu si zachilendo kwa wolankhula Chichewa. Amene amakwera basi kupita ku Johannesburg amangoti akupita ku Joni, ndipo agogo ankati Mangalande ponena za England. Lilime lililonse limasula dzina lachilendo kuti likwane m'kamwa. Chosiyana n'chakuti Chingelezi chinalowa m'mabuku a sukulu ndi m'mapepala a mayeso, ndiye katchulidwe kake kamaoneka ngati ndiko koona, ka eni ake n'kukhala ngati kolakwika.

Apa ndi pomwe pamapweteka. Mwana wolemba Napoli wanena zoona, wangonena m'chilankhulo cha eni mzinda. Kumudula ndi cholembera chofiira popanda kumufotokozera ndi kumuphunzitsa kukayikira zomwe akudziwa. Komanso kumusiya osadziwa Naples ndi kumumana kiyi wa mabuku ambirimbiri. Ndipo mayina sakhala malo amodzi. Bombay anakhala Mumbai mu 1995. Lourenço Marques ndi Maputo kuyambira 1976. Port Elizabeth, yemwe Rufane Donkin anamutcha dzina la malemu mkazi wake mu 1820, wakhala Gqeberha kuyambira 2021, ndipo Amalawi okhala ku South Africa akulimbana ndi kaphokoso ka Chixhosa ka kumayambiriro kwa dzinalo, komwe m'Chichewa mulibe. Buku lakale la m'laibulale ndi nkhani ya pa wailesi ya dzulo zikhoza kunena doko limodzi ndi mayina osafanana n'komwe.

Aphunzitsi a Chingelezi, mukafika pa dzina la doko lotere, lembani onse awiri pabolodi, la eni ake ndi la Angelezi, muwatchule mokweza, ndipo muwauze ana lomwe likugwira ntchito lero.