Kampani ikaletsa ndale pantchito, ndani amanena kuti izi ndi ndale?

Pa 16 April 2024, ogwira ntchito ena a kampani ya Google adalowa m'maofesi a kampaniyo ku New York ndi ku Sunnyvale m'chigawo cha California, nakhala pansi kukana kutuluka. Ena adakakhala mu ofesi ya Thomas Kurian, mkulu wa nthambi ya Google Cloud. Ankatsutsa kontrakiti yotchedwa Project Nimbus, ya madola 1.2 biliyoni, yomwe Google ndi Amazon adapatsidwa ndi boma la Israel mu 2021 kuti aziliperekera ntchito zosunga ndi kusanthula uthenga pamakompyuta. Nkhondo ya ku Gaza inali itatha miyezi isanu ndi umodzi. Apolisi adamanga anthu 9, Google idachotsa ntchito anthu 28, ndipo patapita masiku chiwerengerocho chidafika pafupifupi 50.

Mkulu wa kampaniyo, Sundar Pichai, adalembera ogwira ntchito onse kuwakumbutsa kuti Google ndi bizinesi, si bwalo lokanganirapo ndale. Kampaniyo idatinso ntchito ya Nimbus sikhudza zida zankhondo kapena ukazitape.

Tinene chilungamo, lamulo la kampani lili ndi mutu. Ofesi, kompyuta, imelo ndi maola amene munthu akulipidwa ndi za wolemba ntchito. Ife timati chomwe wasungitsidwa ndi amana. Dalaivala wa kampani akatenga galimoto ya bwana kukatuta anthu opita kumsonkhano wa chipani, palibe amene angamuikire kumbuyo, ngakhale chipanicho chikhale chathu. Kuno kwathu tadandaula kwa zaka zambiri poona galimoto za boma ndi za makampani a boma zitanyamula achinyamata ovala makaka a chipani cholamula, mafuta ake olipidwa ndi misonkho yathu. Ndiye sitingadabwe kampani ikamati zipangizo zake zisalowe ndale.

Vuto lili pa amene amatanthauzira mawu akuti ndale. Mu January 2025, Google idapereka madola 1 miliyoni ku thumba la mwambo wolumbiritsa Donald Trump. Microsoft nayo idapereka chimodzimodzi. Makampani onsewa ali ndi makomiti osonkhetsa ndalama zothandizira andale pa zisankho, ndipo amalipira akatswiri okakopa aphungu ku Washington. Zonsezi amazitcha bizinesi. Kugulitsa ntchito ku boma lomwe lili pankhondo amakutchanso bizinesi. Koma injiniya amene manja ake akupanga ntchitoyo akafunsa kuti ikukagwiritsidwa ntchito yanji, pamenepo mawu aja amasintha, akuti wabweretsa ndale pantchito. Mpeni ndi womwewo, koma ukudula mbali imodzi yokha.

Google yomweyi siinali chonchi kale. Mu 2018, ogwira ntchito pafupifupi 4,000 adasaina kalata yokana Project Maven, ntchito ya asilikali a America yosanthula zithunzi zojambulidwa ndi ndege zopanda woyendetsa. Akuluakulu adamvera, kontrakitiyo sadaiwonjezere, ndipo adalemba lonjezo loti luso lawo la AI silidzagwiritsidwa ntchito popanga zida. Chaka chotsatira adakhwimitsa malamulo a zokambirana za ogwira ntchito pa makina a kampani. Mu February 2025 lonjezo lija adalifufuta. Kusiyana kwa 2018 ndi 2024 sikovuta kukuona: nthawi ija makampani ankalimbirana mainjiniya, pamene kuyambira 2023 akhala akuchotsa anthu zikwizikwi. Ntchito ikasowa, pakamwa pamatsekeka pokha.

Ambiri amaganiza kuti ku America munthu amalankhula chilichonse popanda chomuchitikira. Ufulu wolankhula umene uli m'malamulo aakulu a dzikolo umaletsa boma kutseka anthu pakamwa, koma sukhudza kampani yomwe si ya boma. M'zigawo zambiri bwana akhoza kuchotsa munthu tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, bola chisakhale tsankho loletsedwa. Chitetezo chomwe chilipo ndi cha ogwira ntchito ogwirizana kudandaula za kagwiridwe ka ntchito yawo. N'chifukwa chake ochotsedwa a ku Google adakasuma ku bungwe la National Labor Relations Board, akunena kuti kukakamizidwa kupanga chinthu chopweteka anthu ndi nkhani ya kagwiridwe ka ntchito.

Kuno zinthu n'zosiyanako. Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kusala kapena kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha chipembedzo kapena maganizo ake pandale, ndipo wochotsedwa akhoza kupita ku Industrial Relations Court. Komabe limateteza maganizo, osati kugwiritsa ntchito katundu wa bwana mosaloledwa. Mwana wanu wogwira ntchito kubanki, kuhotela ya kunyanja kapena kusitolo ku Joni akhoza kusapota chipani chomwe akufuna, akhoza kupita kuzionetsero za Palestine pa tsiku lake lopuma. Akatumiza uthenga wa kampeni pa foni ya kampani, kapena kujambulitsa ali mu yunifolomu atanyamula chikwangwani, wapatsa bwana chifukwa china chomwe khoti lingachimvere. Pepala lija amasaina tsiku loyamba ntchito, lomwe ambiri saliwerenga chifukwa cha chimwemwe, ndi lomwe limadzatulutsidwa pa tsiku la mlandu.

Nkhani ya Microsoft ndiyo yondipatsa maganizo kwambiri. Mu April 2025, pa chikondwerero choti kampaniyo yakwanitsa zaka 50, injiniya wina wamkazi adaimirira n'kudula mawu Mustafa Suleyman, mkulu wa nthambi ya AI, kumunena kuti kampaniyo ikudyerera pa nkhondo. Adachotsedwa pamodzi ndi mnzake amene adachitanso chimodzimodzi tsiku lomwelo. Kumayambiriro kwa August, nyuzipepala ya The Guardian idaulula kuti gulu la ukazitape la asilikali a Israel, Unit 8200, linkasunga pa makina a Microsoft Azure mawu a mafoni mamiliyoni ambiri oimbidwa ndi anthu wamba a ku Gaza ndi West Bank. Kumapeto kwa mwezi womwewo ochita zionetsero adalowa mu ofesi ya pulezidenti wa kampaniyo, Brad Smith, ndipo ogwira ntchito anayi adachotsedwa chifukwa chophwanya malamulo a kampani.

Pa 25 September, Smith yemweyo adalengeza kuti kafukufuku wawo wapeza umboni wogwirizana ndi zina mwa zomwe nyuzipepala ija idalemba, ndipo Microsoft yadula ntchito zina zomwe inkapereka ku nthambi ina ya unduna wa zachitetezo wa Israel. Chifukwa chomwe adapereka n'chakuti kuzonda anthu wamba mwa njira imeneyo kumaphwanya malamulo a kampani a kagwiritsidwe ntchito ka makina ake.