NJANJI YATSOPANO YA MAUTHENGA

M'chaka cha 1970 njanji yochokera ku Nkaya, komwe lero ndi m'boma la Balaka, inawoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, ndipo katundu wa dziko lino anapeza njira yopita kudoko la Nacala. Mu 2023 chingwe cha mauthenga chodzera pansi pa nyanja, cha 2Africa, chinafika kudoko lomwelo.

Katundu wa mawa ndi mauthenga: mitengo ya thonje ndi nandolo, malipiro a antchito, zotsatira za kuchipatala. Zonsezi zimayenda ngati kuwala m'zingwe za fibre.

Choncho atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ku Machinga ndi Balaka aphunzitse anthu kuti wodula chingwe sasiyana ndi wozula njanji: amatsekera njira mtundu wonse.