Makala otchipa, madzi odula

Sabata yatha ndidaima pa Chinakanaka kudikira minibasi ya ku Limbe. Njinga za makala zimangodutsa motsatizana, kumbuyo kwake phiri la Mulanje lili chiimire, m'mbali mwake muli zipsera ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Ndidadzifunsa: kodi ife a m'tauni tikamakambirana mtengo wa thumba, timadziwa chomwe tikugula?

Nkhalango ya m'phirili si mitengo wamba ayi. Mphepo yachinyontho yochokera ku Mozambique, ija timaitcha Chiperoni, ikagunda phiri imasanduka nkhungu. Masamba ndi ndele zimakola nkhunguyo, madzi nkumadontha pansi, mizu nkuwasunga. Ndi chifukwa chake Ruo, Lichenya ndi Likhubula zimayenda ngakhale mu Okutobala. Mukadula mitengo, mvula imatsika tsiku limodzi, itanyamula dothi ndi miyala. A ku Phalombe sadaiwale Napolo wa 1991, ndipo tonse tidaona zomwe namondwe wa Freddy adachita m'chaka cha 2023. Sindikuti mitengo ikadaletsa mvula imeneyo, koma phiri lamaliseche silichedwetsa madzi.

Malamulo ndiye alipo, mbwee! Nkhalangoyi idakhala yotetezedwa mu 1927. Mkungudza, womwe kwawo nkuphiri lokhali padziko lonse, udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Koma kafukufuku wa 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ulemu wa papepala, nkhwangwa ili pantchito.

Nkosavuta kuloza chala mnyamata wa panjinga. Koma iye amaotcha makala chifukwa mbaula zathu ku Ndirande ndi ku Bangwe zikudikira. Chodabwitsa nchakuti madzi ena omwe a Blantyre Water Board amatipatsa amachokera ku Likhubula komweko. Tikudula nthambi yomwe mpopi wathu wapachikidwapo.

Tsono boma lichitepo kanthu pa mtengo wa gasi ndi magetsi, ndipo ligwire eni malole, osati a njinga okha. Inu amalonda, funsani komwe matabwa anu achokera. Inu ophunzira, funsani aphungu anu. Madzi akatayika saoleka, abale.